Mkamwini wa M'kanema

Anthu akandifunsa ntchito imene ndinagwirapo pamoyo wanga, ndimawauza kuti ndinali wowerenga nkhani pa kanema. Amayamba andiyang'ana kumapazi, kenako kumaso, n'kuseka. Asiyeni aseke. Ine ndine mwana wa mkulu wa mpingo, ndinakulira m'nyumba imene bodza linkathera pa chikwapu, ndipo zimene ndilembe pano n'zoona kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Kanema wathuyo anali pa tireding'i ina kufupi ndi Nsaru. Dzina lake sinditchula, chifukwa ngakhale ife eni ake tinkalisintha nthawi iliyonse chikwangwani chikagwa ndi mphepo. Mwini wake, amene tonse tinkangowati abwana, anali wogula fodya ndi mtedza kwa alimi. Chaka china malonda atawayendera, anapita ku tauni kukagula lole, n'kubwerako ndi kamera, mlongoti ndi katoni yodzaza nthambo. Akazi awo analira ngati pagwa maliro. Abwana anati lole ali nayo aliyense, koma kuchokera ku Mpingu mpaka ku Nambuma palibe munthu amene ali ndi kanema wakewake.

Situdiyo inali kachipinda kakuseri kwa chigayo chawo. Jenereta inali imodzi, ya chigayo ndi ya kanema yomweyo, choncho nthawi ya nkhani inkadalira kuti amayi atha liti kugayitsa. Pachikwangwani tinalemba kuti nkhani ndi sikisi koloko madzulo, koma mayi wina akatulukira ndi thumba la mphale nthawi itakwana kale, dziko lonse linkayamba ladikira. Wowerenga nkhani aliyense ankaoneka wotuwa nsidze ndi ufa, ndipo owonera ankayesa kuti ndi mmene anthu ophunzira amadzikongoletsera. Mlongoti tinaumangirira pansonga ya bulugamu. Mphepo ikaomba bwino, ku Kabudula ankationa thupi lonse. Ku Namitete ankamva mawu okha. Bambo wina wa ku Chitedze anabwera panjinga kudzatiuza kuti tsiku lina anaona khutu.

Ine ndinalowa ngati wogwira kamera. Ntchito yake inali kuiloza kwa munthu amene akulankhula ndi kuingitsa nkhuku zikafuna kudutsa.

Pachiyambi tinali ndi owerenga nkhani enieni. Woyamba anali bambo wa mawu okhuthala, oti akanena kuti feteleza wakwera mtengo unkamva ngati wakwera chifukwa chowalemekeza iwowo. Anachoka nkhani zili m'kati. Anayang'ana kamera n'kunena kuti, "Tipume pang'ono, tibweranso." Panja minibasi inali ikuliza hutala. Mpaka lero akupumabe. Tinadzawaona pa kanema wina wamkulu wa ku tauni atavala jekete la situdiyo yathu, lomwe linali limodzi lokhalo. Abwana anagula lina pa kaunjika n'kuuza telala kuti alisokerere kumpando, kuti wofuna kuchoka azichoka yekha. Kuyambira pamenepo wowerenga nkhani sankavala jekete, ankalowamo.

Wachiwiri anali mayi wowerenga nkhani za m'Chingerezi. Anakwatiwa ndi mphunzitsi, mphunzitsiyo n'kusamutsidwa, Chingerezi chonse n'kukwera nawo matola. Wa zanyengo anapita ku Joni. Abwana anati palibe vuto, wowerenga nkhani azingodzuka n'kutsegula chitseko. Popeza jekete linali losokerera, ankadzuka ndi mpando womwe, n'kusuzumira panja, n'kubwerera kudzauza mtundu wa Amalawi kuti kuli mitambo. Ndikulumbira, palibe kanema wina m'dziko muno amene ankalosera nyengo molondola ngati ife. Wa zamasewero ndiye anatipweteka, chifukwa anachoka ndi wayilesi yake, yomwe tinkamverapo zochitika m'mayiko ena. Chichokereni iyeyo, tikati nkhani za kunja tinkatanthauza za ku Kasiya.

Munthu aliyense akachoka, abwana ankabwera okha pa kamera kudzalengeza kuti kanema wanu wokondedwa wasintha ndondomeko pofuna kuika anthu akumudzi patsogolo. Tinasintha ndondomeko mpaka m'situdiyo munatsala ine, mpando ndi jekete.

"Achimwene," anatero abwana tsiku limenelo, "kuwerenga mumatha eti?"

"Ndimatha, bwana."

"Ku tauni mumakudziwa?"

"Ndinapitako kamodzi, ndinasochera ku depoti."

"Zabwino zedi. Lowani m'jeketemo."

Kamera tinaikhazika pa mtondo wovundikira, n'kuitchinjiriza ndi njerwa.

Kuti mumvetse chimene mpando umenewo unali kwa ine, muyenera kudziwa kuti kwathu ndi ku Nambuma, koma ndinakwatira m'mudzi woyandikana ndi tireding'iyo ndipo ndinkakhala chikamwini. Mkamwini sakhala ndi dzina. Amakhala mwamuna wa uje, amene amaitanidwa nkhokwe ikapendeka kapena ng'ombe ikagwera m'dambo. Pamaliro amakumba, paukwati amatema nkhuni, pamlandu amakhala kumbuyo n'kumavomera. Tsono ine, mwamuna wa uje, ndinali pafupi kulankhula anthu onse ali chete. Ndinayenda kuchokera kuchigayo mpaka kunyumba mapazi osagunda pansi, ndipo amene anaona alipo.

Ndinaiwala chinthu chimodzi chokha: apongozi anga aakazi.

Apongoziwo anali amasiye, otsogolera nyimbo pakati pa amayi achigwirizano, komanso osunga mwambo wakale woti mkamwini ndi apongozi ake saonana m'maso. Chikwatirireni mwana wawo, nkhope yawo ndinali ndisanaione bwinobwino. Ndinkawadziwa zidendene ndi chifuwa chawo chotsokomola. Tikakumana panjira, wina ankalowa m'chimanga, ndipo nthawi ya chilimwe, chimanga kulibe, tinkavutika kwabasi. Zofuna kundiuza ankauza akazi anga, ine ndili pomwepo kuseri kwa khoma, akazi anga n'kundibwerezera zimene ndamva kale. Ndipo m'mudzi monsemo tivi inali imodzi, ya apongoziwo, imene mwana wawo wa ku tauni anawagulira pamodzi ndi sola ndi batire. Madzulo alionse theka la mudzi linkadzaza pabalaza pawo, iwo atakhala kutsogolo kwenikweni, lichero la mtedza lili pamiyendo.

Abwana anandiphunzitsa kuti pagalasi la kamera uziyang'ana osaphethira, ngati ukuyang'ana munthu amene ukudziwa kuti anakubera mbuzi. Chigayo chitazima ndinalowa m'jekete, n'kutong'ola maso, n'kunena kuti, "Moni nonse kulikonse kumene muli."

Zimene zinachitika kumudzi anandifotokozera akazi anga, ndipo iwo ndi onena zoona kuposa ine. Akuti apongozi anatukula mutu n'kupeza nkhope ya mkamwini wawo, yaikulu ngati beseni, ikuwayang'ana m'maso m'nyumba mwawo momwe. Anakuwa kuti "Mayo ine!", mtedza uko, chitenje kumutu, n'kutulukira pazenera. Zenera limenelo ndinaliika ndine, ndipo mphaka wonenepa sangadutsepo. Anthu ataona eni nyumba athawa anayesa moto, onse n'kukhamukira pakhomo. Nkhani zanga zoyamba anazimvera agogo ena osamva, amene anatsala chifukwa sanadziwe kuti anzawo athawa.

Ndinafika kunyumba ndikuyembekeza nthungululu. Ndinapeza akazi anga ataima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo a mwana, mwachita chiyani?"

"Ndawerenga nkhani."

"Mwawayang'ana amayi."

"Ine ndimayang'ana kamera."

"Kamerayo ndi imene yathawira pazenera? Mpaka kuwapatsa moni, inu, opanda ndi manyazi omwe!"

"Moniyo anali wa onse."

"Nanga pa onsewo amayi palibe?"

Kunena zoona, analipo.

Masiku otsatira anayesa kuphimba tivi ndi chitenje ine ndikangotulukira. Anthu anadandaula kuti akanafuna mawu okha akanakhala kwawo. Ndiye apongozi anayamba kumatuluka okha nthawi ya nkhani, n'kukakhala pa mtondo kuseri kwa nyumba, akung'ung'udza mokweza kuti mudzi wonse umve: nyumba yawo, tivi yawo, batire yawo, koma mkamwini akuwatulutsa panja ngati nkhuku tsiku ndi tsiku. Posakhalitsa kunabwera atsibweni a akazi anga, mlongo wawo wa apongoziwo, amene mawu awo pabanjapo sankabwezedwa. Anakhala pansi, anavula chipewa, anafunsa za chimanga, za mvula, za chifuwa cha mwana, kenako n'kunena chimene anadzera.

"Akamwini, ife sitikana ntchito. Koma mukapitiriza kuwatong'olera maso alongo angawa, mupinde mphasa yanu, njira ya ku Nambuma mukuidziwa."

Apa ndiye panali nkhani. Ndikasiya mpando ndibwerera kukhala mwamuna wa uje. Ndikaukakamira ndisiya mkazi ndi mwana. Ine ndinkafuna zonse.

Ndinayamba kuwerenga nditayang'ana cham'mbali, kukhoma. Apongozi anabwerera pabalaza, koma owonera ena anasokonezeka. Munthu akamalankhula nawe maso ali kumbali, umadziwa kuti kukubwera chinachake. Ku Kabudula anthu ankatembenuka kuyang'ana zitseko zawo. Kunamveka mphekesera yoti apolisi amaima pakhomo pa situdiyo, ndipo bambo wina wogulitsa kachasu anakwirira migolo yake osafunsa kaye. Nditaona choncho ndinayesa kuwerenga nditazyolika. Kwathu kuno munthu wamkulu akazyolika n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono, ndiye kuti wina watisiya. Tsiku limenelo ndinkangolengeza za katemera wa nkhuku, koma amayi a mudzi wina anayamba kulira ndisanafike pakati, ndipo m'mawa mwake kunabwera anthu ndi makasu kudzafunsa kuti manda akumbe kuti. Pomaliza ndinabwereka magalasi akuda kwa wakabaza wina. Uthenga unabwera kudzera kwa akazi anga kuti amenewo ndiye oipitsitsa, chifukwa tsopano sakudziwa kumene ndikuyang'ana, mwina n'kutheka ndikuwayang'ana kawiri.

Abwana nawo anatopa.

"Achimwene, ine ndinagula kamera, sindinagule khoma. Mawa muyang'ane pagalasi. Apo ayi tulukani m'jekete langa mukalime."

Zitafika apa ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa apongozi. Ine ndinakhala cha kumbuyo, apongozi anakhala kuseri kwa nkhokwe, tikungoona zala za kumapazi. Funso linali limodzi: kodi munthu wa mu tivi uja ndi mkamwini weniweni kapena chithunzi chabe? Nkhoswe yanga inati ndi chithunzi, chifukwa alibe miyendo ndipo sanapemphepo madzi akumwa. Atsibweni anati chithunzi sichitsokomola, koma uyu dzana anatsokomola. Alamu anga, mlongo wawo wa akazi anga, amene chikwatirireni ine ntchito yawo inali kundiseka, anaimirira n'kunena kuti iwo anachita kafukufuku.

"Dzulo ndinaima patsogolo pa tivi n'kumunena. Ndinati iwe mutu ngati dzungu, nkhokwe unamanga ija yapendeka ngati yaledzera. Sanayankhe."

"Mwaona!" inatero nkhoswe yanga. "Chithunzi chimenecho."

"Ayi," anatero atsibweni. "Munthu womunena chotero iye n'kukhala chete, ameneyo ndiye mkamwini weniweni."

Anthu anavomera ndi mitu. Inenso ndinavomera, poti ndi ntchito yanga. Mkulu wa mpingo amene anaitanidwa kudzatsegula ndi pemphero anayesa kuthandiza, nati m'Buku mulibe pamene analamula kuti apongozi azithawa mkamwini. Kuseri kwa nkhokwe kunachokera mawu akuti, "Mulibenso pamene analetsa." Mkuluyo anatseka Buku lake.

Kenako atsibweni anakumbukira kuti akale anali ndi njira. Mkamwini akakhalitsa pamudzi, ana n'kubadwa, apongozi ankatha kumuphera nkhuku, awiriwo n'kudyera mbale imodzi pamaso pa ankhoswe, manyazi n'kuthera pomwepo. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kuti nkhuku zawo zonse n'zoikira. Bwalo linabalalika popanda chigamulo, ndipo ine ndinapita kukayang'ana mphasa yanga kuti ndione ngati ingapirire ulendo.

Amene anandipulumutsa ndi abwana, mosadziwa. Posowa choonetsa, anali atajambula amayi achigwirizano akuimba pa msonkhano wawo, ndipo analengeza kuti adzawaonetsa Lachisanu m'kati mwa nkhani, wowerenga nkhani akamaliza kutchula mudzi uliwonse umene amayiwo anachokera. Wotsogolera nyimbo pa msonkhanowo anali apongozi anga. Kuti adzione okha, anayenera kudutsa kaye pa nkhope yanga. Lachinayi m'mawa nkhuku ina inasiya kuikira mwadzidzidzi.

Tinakhala pamphasa, mbale pakati, ankhoswe atatizungulira. Atsibweni anati, "Yang'ananani." Ndinatukula mutu. Anali mayi wamng'ono thupi, wa maso akuthwa, wooneka ngati akazi anga akakwiya. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano.

"Kani makutuwa ndi anu enieni," anatero. "Ine ndimayesa ndi tivi."

Anthu anaseka, ine ndinaseka, ndinatambasula dzanja kuti nditenge ntchafu.

"Tsono popeza tayamba kulankhulana, bambo," anapitiriza, "pali timawu tina ndinasunga."

Anali atasunga kuyambira tsiku la chinkhoswe. Anayamba ndi nsapato zimene ndinavala tsikulo. Anabwera pa nkhokwe, pa kalimidwe kanga, pa mizere yanga yokhota, pa mmene ndimayetsemulira, pa mbuzi imene ndinaimangirira pafupi ndi nyemba zawo mwana wathu asanabadwe. Palibe chimene chinatayika. Nkhuku inazizira, mafuta n'kuuma, ankhoswe anayamba kutsanzika mmodzimmodzi. Pamene ankafika pa chaka chimene tinalimo, nkhuku zamoyo zinali zitalowa m'khola.

Koma mpando ndinaupulumutsa, banja lomwe. Lachisanu ndinayang'ana pagalasi ndi maso onse awiri, apongozi anadziona akuimba, ndipo akuti anadzudzula mayi wa kumbuyo kwawo kuti ankatsalira. Masabata otsatirawo anali okoma kuposa ena onse pamoyo wanga. Akabaza ankandiimira panjira. Pamaliro ena anandipatsa mpando m'malo mwa khasu. Alamu anga anafika pondifunsa maganizo anga pa za ndale, ngakhale sanadikire yankho.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti munthu amene waloledwa kukuyang'ana waloledwanso kukutsata. Apongozi anayamba kubwera kuchigayo madzulo ndi kachimanga ka m'mbale, koti n'kukazinga kokha. Akagayitsa sankapita. Ankaima pakhomo pa situdiyo, ufa uli m'manja, n'kumamvera. Tsiku lina ndinawerenga kuti mbuzi ya bambo wina wa ku Mpingu yasowa, ndipo woiona akanene.

"Sinasowe imeneyo," anatero ali pakhomo. "Afunseni akazi awo aang'ono."

Maikolofoni yathu, yomwe mawu anga inkawatola monyinyirika, awo inawatola onse bwinobwino. Kaya zinali zoona kaya ayi, ine sindikudziwa mpaka lero. Ndikudziwa zoti m'mawa mwake anthu anayamba kukwera m'mitengo kukonza milongoti yawo. Tsiku lotsatira ndinalengeza za ukwati, apongozi n'kuwonjezera amene anayamba kufunsira mtsikanayo ndi chimene chinalepheretsa. Ndinalengeza za msonkhano wa alimi a fodya, iwo n'kutchula amene adzabwere chifukwa cha chakudya chokha. Kuchoka pakhomo anafika pa thumba la mtedza pambali panga. Kuchoka pa thumba, phewa lawo linayamba kuoneka pa tivi.

Nkhani zanga zinkatha msanga, chifukwa kwathu zinthu zolembeka sizichitika kawirikawiri. Ndikati, "Nkhani zathera pamenepa," apongozi ankati, "Zathera pati?" n'kupitiriza opanda pepala. Tsiku lina analankhula mpaka dizilo anatha mu jenereta, ndipo akuti ku Kabudula anthu anakhalabe akuyang'ana tivi yozima poganiza kuti akungomeza malovu.

Abwana anandiitanira kuseri kwa chigayo.

"Achimwene, musandimve molakwa. Inu mumawerenga bwino. Koma aliyense wowerenga bwino amene ndinamukhazika pampando uja anathawa. Mayi awa ali ndi munda pano, mbuzi pano, manda a amuna awo pano. Angapite kuti?"

"Nanga ine ndinati ndikupita, bwana?"

"Simunanene. Enawonso sananene."

Madzulo omwewo analengeza kuti kanema wanu wokondedwa wasintha ndondomeko pofuna kuika amayi patsogolo. Kamera anaichotsa pa mtondo n'kuibwezera m'manja mwanga.

Sindinagonje msanga. Ndinaganiza kuti ngati nkhuku inathetsa manyazi, nkhuku ina ingathe kuwabwezera, ndipo manyazi akabwerera apongozi sangayang'ane kamera imene kuseri kwake kuli diso la mkamwini. Ndinagula tambala wamkulu pamsika wa Nsaru, wofiira, wolemera ngati mwana wa mbuzi, n'kupita naye kwa atsibweni.

"Ndabwera kudzabweza nkhuku ija."

Atsibweni anamunyamula tambalayo, anamuyeza m'manja, anamuyang'ana kumapazi.

"Ija munadya, akamwini."

"Ndinadya ntchafu imodzi, yozizira."

"Munameza?"

"Ndinameza."

"Basitu. Koma poti mwabwera naye kale, ndikawapatsa alongo anga. Kubwerera naye n'kupanda ulemu."

Madzulo ake chigayo chitazima ndinaloza kamera kumpando. Apongozi anakonza duku, anapukuta pakamwa pomwe panali ponyezimira ndi mafuta, n'kundiyang'ana m'diso kudzera pagalasi, osaphethira.

"Moni nonse. Nkhani yoyamba lero ndi yosangalatsa. Mkamwini wina wa kuno kwathu wapereka tambala kwa apongozi ake popanda womukakamiza. Akamwini a ku Kabudula, a ku Mpingu ndi a ku Namitete amene mukundimva, mutengerepo phunziro. Tambalayo anali wokalamba pang'ono, koma mtima ndi umene tayamikira." Anaima kaye, n'kupendeketsa mutu. "Inu bambo, gwirani bwino chinthucho. Mukundidula duku."

Ndinakweza kamera.